Dokotala Amene Ankadula Mabuku ndi Sizasi

Tsiku lina mukadzasochera pa intaneti n'kugwera pa tsamba la anthu ogulitsa ndalama zakale za ku China, zija zamkuwa zokhala ndi bowo la makona anayi pakati, mudzayang'ane pansi pa chithunzi. Nthawi zambiri pamakhala zilembo ziwiri, FD, kenako nambala. Wogulitsayo mwina ali ku London kapena ku Texas, Chitchaina sachidziwa n'komwe, koma nambalayo ndi imene imamuthandiza kumvana ndi wogula kuti ndalama ikukambidwayi ndi iti. F akuimira George Fisher, Mmereka amene mu 1990 anatenga buku lina lachitchaina, n'kuika manambala ndi mawu achingerezi m'mbali mwa zithunzi zake. D akuimira mwini bukulo, Ding Fubao, dokotala wa ku Shanghai amene anamwalira mu 1952.

Chosangalatsa n'chakuti mukatchula dzina lomweli kwa munthu wa Chibuda wa ku Taiwan, adzakuuzani kuti ameneyo ndi uja analemba dikishonale ya mawu a chipembedzo chawo. Mukalitchula kwa mphunzitsi wa zilembo zakale zachitchaina, adzakulozerani mabuku 66 ali ndondondo pashelefu. Akatswiri a mbiri ya zachipatala nawo amati ndi wawo. Aliyense amagwira mwendo wake wa njovu. Ine ndikamuyang'ana mkuluyu ndimaona kuti ntchito yake inali imodzi yokha basi, anangoibwereza kanayi: kutola zimene ena ananena, kuziika m'malo mwake, n'kuzisindikiza kuti munthu wamba azipeze. Palibe mankhwala amene anatulukira. Palibe chiphunzitso chatsopano chimene anayambitsa. Komabe anthu anzeru zakuya a m'nthawi yake ambiri anaiwalika, iye mabuku ake akutsegulidwabe.

Ding, lomwe ndi dzina la banja chifukwa kumeneko dzina la makolo limayamba, anabadwa mu 1874 ku Wuxi, m'chigawo cha Jiangsu, kufupi ndi nyanja ya Tai. Kwa mnyamata wanzeru wa nthawi imeneyo njira inali imodzi: loweza mabuku a Confucius, lemba mayeso a boma la mfumu, ukakhoza ukhale bwana. Anaphunzira pa sukulu ina yotchuka ya ku Jiangyin, kumene kuwonjezera pa mabuku akale anakonda kwambiri masamu. Koma dziko linali likusintha iye akuona. Mu 1895 China inagonja pa nkhondo ndi Japan, dziko limene Atchaina ankaliona ngati mng'ono wawo amene anabwereka kwa iwo ngakhale zilembo zolembera. Zinali zochititsa manyazi kwambiri. Mu 1905 mayeso a mfumu aja, amene anakhalapo zaka zoposa 1,000, anathetsedwa. Anthu amene anataya unyamata wawo wonse akuloweza anangodzuka tsiku lina n'kupeza kuti tsabola wawo ndi wakale.

Chimene chinamukankhira Ding ku zachipatala si ndale ayi, ndi matenda. Bambo ake anamwalira ndi chifuwa chachikulu, ndipo iye mwini anali munthu wodwaladwala kuyambira ali mnyamata. Atadwala nthawi yaitali anapita kwa Zhao Yuanyi, munthu amene ankadziwa mankhwala achitchaina komanso ankamasulira mabuku a sayansi ochokera kwa azungu. Anapita ngati wodwala, anatsala ngati wophunzira. Cha m'ma 1901 anaphunziranso Chijapanizi ku Shanghai. Kenako anakaphunzitsa masamu ndi za kagwiridwe ntchito ka thupi la munthu ku Beijing, pa sukulu ya omasulira ya yunivesite ya mfumu, koma sanakhalitse. Mu 1908 anakhazikika ku Shanghai, n'kuyamba kuona odwala komanso kusindikiza mabuku pa kampani yakeyake, Yixue Shuju, kutanthauza nyumba ya mabuku a zachipatala.

Tinene mosabisa: mkuluyu sanapite ku koleji ya udokotala monga tikuidziwira lero. Pepala lake analipeza mu 1909, pamene Duanfang, bwanamkubwa wa chigawocho, anakonza mayeso a madokotala ku Nanjing. Ding anakhoza bwino zedi, ndipo chaka chomwecho anatumizidwa ku Japan pa ulendo waufupi kukaona mmene zipatala ndi sukulu za udokotala zinkayendera. Anabwerako ndi mabuku.

Apa ndi pamene pali nzeru yake yoyamba, ndipo ndi nzeru ya munthu wa bizinesi, osati ya mneneri. Amishonale achizungu, monga Benjamin Hobson m'zaka za m'ma 1850, anali atayesa kale kulemba mabuku a zachipatala m'Chitchaina. Vuto linali mawu. Aliyense ankapeka ake, ndipo owerenga ankasokonezeka. Pamene Ajapani anali atatha zaka zambiri akumasulira mabuku a madokotala a ku Ulaya, makamaka a ku Germany, ndipo mawu atsopano ankawalemba ndi zilembo zomwezo zachitchaina. Choncho munthu wodziwa Chijapanizi pang'ono ankatha kutenga buku la ku Tokyo, kusintha kalembedwe ka ziganizo, mawu ovuta aja n'kuwasiya mmene alili. Njira yachidule. Ding anaiona njirayi, n'kuithamanga kuposa wina aliyense. Mabuku ambirimbiri anatuluka pansi pa dzina lakuti Mabuku a Zachipatala a Ding: za matenda opatsirana, za azamba, za ana, za mankhwala, za chifuwa chachikulu. Mu 1910 anayambitsa bungwe lofufuza za mankhwala achitchaina ndi achizungu pamodzi, ndi magazini yake.

Taganizani za TB yomweyo. Robert Koch anapeza kachilombo kake mu 1882 ku Berlin. Atchaina matendawa ankawatchula kuti lao, kunyentchera kobwera chifukwa chotopetsa thupi, ndipo ankawafotokoza m'njira zawo. Liwu limene adokotala a ku China amagwiritsa ntchito lero, jiehe, linadzera ku Japan, ndipo mabuku ngati a Ding ndi amene anathandiza kulifalitsa pamodzi ndi mfundo yakuti pali kachilombo, kuti makhololo amapatsira, kuti mpweya wabwino, kupuma ndi chakudya zimathandiza. Mankhwala enieni ophera kachilomboka, streptomycin, anadzapezeka m'ma 1940, Ding ali nkhalamba. Pa nthawi yonse imene ankaona odwala, chimene dokotala akanapatsa munthu wa TB chinali malangizo ndi bedi pamalo a mpweya wabwino. N'chifukwa chake mu 1934 mwana wake Ding Huikang, amenenso anali dokotala, anatsegula chipatala chogonekera odwala chifuwa cha Hongqiao ku Shanghai mothandizidwa ndi bambo akewo.

Sanali wa gulu lija lonyoza mankhwala amakolo. Mu 1911 anamasulira buku la dokotala wa ku Japan, Wada Keijuro, loikira kumbuyo mankhwala azitsamba akale. Maganizo ake anali akuti zitsambazo zipimidwe ndi sayansi, zogwira ntchito zisungidwe. Mkangano umenewu unadzafika povuta mu 1929, pamene madokotala ena ophunzira za chizungu anapempha boma kuti lithetseretu using'anga wachitchaina, asing'anga n'kuchita zionetsero mpaka boma linabwerera m'mbuyo. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Ali ndi zaka za m'ma 40 anatembenukira ku Chibuda. Sanamete mpala n'kupita kukakhala kuphiri ngati mmonke ayi. Anakhalabe pakhomo pake ndi banja lake, akuona odwala, anangosiya kudya nyama n'kuyamba kuwerenga malemba. Ndipo atangoyamba kuwerenga anakumana ndi khoma limene Mtchaina aliyense wophunzira ankakumana nalo.

Khomalo ndi ili. Chibuda chinachokera ku India, chinafika ku China cha m'zaka 100 zoyambirira AD. Omasulira otchuka monga Kumarajiva, amene anafika ku Chang'an mu 401, ndi Xuanzang, amene anabwerako ku India mu 645 atasenza mipukutu, anakumana ndi mawu a Chisanskrit amene analibe ofanana nawo m'Chitchaina. Ena anawamasulira, koma ambiri anangowalemba mmene amamvekera, pogwiritsa ntchito zilembo zachitchaina ngati phokoso chabe. Liwu lakuti prajna, nzeru yozama imene imaona zinthu mmene zilili, linakhala bore. Nirvana inakhala niepan. Tsono munthu amene waloweza Confucius yense, akafika pa zilembo zimenezi n'kuyesa kuziwerenga mwa tanthauzo lake la masiku onse, amapeza zopanda mutu. Zili ngati munthu amene sanamvepo za tchalitchi apeze liwu lakuti aleluya m'buku, n'kumalisanthula ngati Chichewa, kufunafuna kuti "leluya" ndi ndani. Onjezerani apo mayina a miyamba, a magulu a ziphunzitso, ndi mindandanda yosatha ya zinthu zinayi izi, zisanu ndi zitatu izo, khumi ndi ziwiri zakutizakuti. Amonke ankaphunzira zimenezi pakamwa pa aphunzitsi awo. Munthu wa pakhomo, wamalonda kapena dokotala, analibe pogwira.

Komanso Chibuda m'chigawo cha kwawo kwa Ding chinali chikungodzuka kumene. Nkhondo ya a Taiping, kuyambira 1850 mpaka 1864, inatentha akachisi ambiri pamodzi ndi matabwa osindikizira malemba. Yang Wenhui, munthu wa pakhomo ngati Ding yemwe, anayambitsa malo osindikizira malemba a Chibuda ku Nanjing mu 1866, ndipo mabuku ena amene anatayika ku China anachita kukawapempha ku Japan kudzera mwa mnzake Nanjo Bunyu. Ndiye Ding sanali woyamba kuyang'ana kum'mawa.

Anayamba ndi kulemba ndemanga pa malemba otchuka, liwu ndi liwu, kusonyeza kumene liwu lililonse lachokera, monga mmene akatswiri akale ankachitira ndi mabuku a Confucius. Ankalemberana makalata ndi mmonke wotchuka Yinguang, ndipo mayankho a mmonkeyo kwa iye anasungidwa. Kenako mu 1922 inatuluka Foxue Da Cidian, dikishonale yaikulu ya Chibuda, ya mawu oposa 30,000. Kwa nthawi yoyamba Mtchaina wowerenga payekha anali ndi buku lalikulu lamakono loti atsegule akakakamira.

Tsopano tifike pamene pali fungo. Mu 1917 ku Japan kunatuluka dikishonale ya Chibuda ya wansembe wina dzina lake Oda Tokuno. Oda anaigwirira ntchito zaka zambiri ndipo anamwalira mu 1911 asanaione itasindikizidwa. Akatswiri amene anaika mabuku awiriwa pambalipambali amavomerezana kuti gawo lalikulu la dikishonale ya Ding ndi Oda womasuliridwa m'Chitchaina. Lero wophunzira wa pa yunivesite atachita zimenezi, dzina lake lokha n'kukhala pachikuto, nkhani yake ikhoza kuthera ku komiti ya chilango.

Kodi tinene kuti mkuluyu anaba? Anzanga ena akamva nkhaniyi amafulumira kumuikira kumbuyo. Amati malemba amene Oda ankagwira mawu ake ndi achitchaina kale, pakuti Ajapani amawerenga malemba a Chibuda m'Chitchaina, choncho Ding anangobweza ng'ombe kukhola kwake. Mfundoyi ili ndi mbali yoona, koma sindikuigula yonse. Malembawo analidi a ku China, inde. Koma kukhala pansi zaka ndi zaka, kufufuza kuti liwu ili likupezeka m'buku liti, tsamba liti, ndipo tanthauzo lake apa lasiyana bwanji ndi apo, limenelo linali thukuta la Oda. Munthu anafa ntchito ili m'manja. Mamiliyoni a anthu amene amati "dikishonale ya Ding" dzina la Oda sanalimvepo, ndipo zimenezo si chilungamo, tizinene momwemo. Chimene sindingavomere ndi kunena kuti Ding sanachite kanthu. Buku la Oda likanakhala ku Tokyo m'Chijapanizi, wamalonda wa ku Wuxi silikanamuthandiza chilichonse. Panafunika munthu wodziwa zilankhulo zonse ziwiri, wokhala ndi makina osindikizira, ndalama za pepala, ndi khama losatopa. Anthu otere sakhala ambiri. Ndipo unyolowo sunathere pa iye: William Soothill ndi Lewis Hodous polemba dikishonale yawo yachingerezi ya mawu a Chibuda, imene inatuluka mu 1937, anatsamira kwambiri pa buku la Ding. Lero buku lomwelo lili pa intaneti ndi m'mafoni, anthu akulifufuza ndi chala chimodzi.

Sizasi zija ndazitchula pamutu zikubwera apa. Cha m'ma 100 AD munthu wina dzina lake Xu Shen analemba Shuowen Jiezi, buku lofotokoza mapangidwe ndi chiyambi cha zilembo 9,353 zachitchaina, atazigawa m'magulu 540. Kwa zaka pafupifupi 1,800 akatswiri akhala akulemba ndemanga pa bukuli, kutsutsana, kukonzana. Wofuna kudziwa zimene onsewo ananena pa chilembo chimodzi ankayenera kukhala ndi nyumba yodzaza mabuku ndi mwezi wathunthu wosagwira ntchito ina. Ding maganizo oti asonkhanitse zonsezi anali nawo kuyambira ali pasukulu, ndipo zinamutengera zaka pafupifupi 30. Anasonkhanitsa mabuku 182. M'malo mokopera pamanja, zimene zikanabweretsa zolakwika zatsopano pa tsamba lililonse, iye ndi omuthandiza ankadula masamba a mabukuwo, n'kumata tizidutswato pansi pa chilembo chake, kenako n'kujambula tsamba lonse kuti lisindikizidwe. Mu 1928 anatuluka mabuku 66 otchedwa Shuowen Jiezi Gulin. Gulin ndiye kuti nkhalango ya matanthauzo. Mukatsegula pa chilembo chimodzi, akatswiri onse a zaka mazanamazana ali pomwepo, aliyense m'zilembo za buku lake lenileni, akukangana pa tsamba limodzi.

Ife a m'badwo wa foni timati kope ndi pesiti ngati tinayambitsa ndife. Mkuluyu ankachita ndi sizasi zenizeni ndi zomatira zenizeni. Okonda mabuku akale mtima umawawawa akamva kuti mabuku ankadulidwa, ndipo ndikuwamvetsa. Koma pa ntchito zake zonse, iyi ndi imene ndimaikonda kwambiri, chifukwa apa aliyense dzina lake likuoneka. Palibe Oda wobisika.

Ndalama zakale zinabwera ngati ntchito ya ukalamba, ngakhale anali akuzitola kwa zaka zambiri. Kuti mumvetse kukula kwa nkhalango imeneyi: Atchaina asanayambe ndalama zozungulira ankaumba zamkuwa zooneka ngati khasu ndi zina ngati mpeni. Mfumu yoyamba ya Qin itagwirizanitsa dziko mu 221 BC inalamula kuti paliponse pagwire ntchito ndalama yozungulira ya bowo la makona anayi, yotchedwa banliang. Mu 118 BC kunabwera wuzhu, imene inayenda zaka zoposa 700. Mu 621 ufumu wa Tang unatulutsa Kaiyuan tongbao, ndipo maonekedwe amenewo anakhalabe mpaka ufumu womaliza wa Qing unagwa mu 1912. Sankazidinda ngati makobidi athu, ankachita kuthira mkuwa wosungunuka m'zikombole. Bowolo linali lolowetsamo chingwe, ndalama 1,000 pa chingwe chimodzi. Agogo amene anagwirako peni yabowo ya nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland angamvetse msanga ubwino wake. Mfumu iliyonse, chigawenga chilichonse chimene chinalanda mzinda kwa miyezi ingapo, chinkaumba zake. Ndalamazi zinayenda kutali, moti zina zinafukulidwa ku Kilwa ndi ku Zanzibar.

Ding anachita zomwe zija. Mu 1938 anatulutsa Guqian Da Cidian, dikishonale yaikulu ya ndalama zakale, yosonkhanitsa zimene olemba akale ananena pa ndalama iliyonse. Mu 1940 anatulutsa buku laling'ono, Lidai Guqian Tushuo, la zithunzi zoposa 3,000 zoikidwa motsatira maufumu. Ili ndi lija Fisher anadzaliika manambala. Zithunzi zake si za kamera. Ankatenga pepala lopyapyala lonyowa, kuliyala pa ndalama, kuligogoda pang'onopang'ono kuti lilowe m'mizere yonse, kenako n'kulisisita ndi kansalu ka inki. Zotuluka pake ndi ndalamayo mu kukula kwake kwenikweni, chilembo chilichonse chili gwa. Pambali pa chithunzi chilichonse anaikapo mtengo wake pa msika, mothandizidwa ndi Dai Baoting, katswiri wogula ndi kugulitsa ndalama zakale. Mitengoyo ndi imene inachititsa bukuli kukhala la m'thumba mwa aliyense, wogula ndi wogulitsa yemwe.

Yang'anani zakazo bwino. Asilikali a Japan analanda mbali yachitchaina ya Shanghai mu 1937, patatha miyezi itatu ya nkhondo yoopsa. Mbali za mzinda zimene zinali m'manja mwa azungu zinatsala ngati chilumba, zodzaza ndi othawa nkhondo, mpaka December 1941 pamene Ajapani analowanso m'dera lolamulidwa ndi Angerezi ndi Amereka. Mkati mwa zimenezi, mu 1940, kagulu ka anthu kanayambitsa bungwe la ofufuza ndalama zakale la China, Ding ali wapampando, ndipo magazini yawo, Quanbi, inkatuluka mpaka 1945. Poyamba zimaoneka ngati masewera a anthu olemera, kukambirana za dzimbiri la pa mkuwa kunja anthu akufa. Mwina mbali ina zinalidi choncho. Koma nkhondo ndi nthawi imene mabanja amagulitsa chuma cha makolo kuti agule mpunga, ndipo zosonkhanitsa za mibadwo ingapo zimamwazika sabata imodzi, zina n'kuwoloka nyanja. Ndalama ikadindidwa pa pepala n'kulowa m'buku, ngakhale itasowa, mboni yatsala. Ndipo pali chinthu china chowawa pamenepa: munthu amene ntchito yake yonse anaimanga pa mabuku a ku Japan anakalamba akuona asilikali a dziko lomwelo m'misewu ya mzinda wake.

Chofooka cha munthu wotolera n'chakuti amatola ndi zinyalala zomwe. Ndalama zafeki ku China si za lero, anthu akhala akuumba "zakale" zatsopano kuyambira pamene olemera anayamba kuzifuna, ndipo zina mwa izo zinalowa m'buku la Ding n'kupatsidwa mtengo ngati zenizeni. Chinthu chabodza chikangolowa m'buku lodalirika chimapeza ulemu umene sichikanaupeza pa msika. Wogula amati, "Si iyi ili mwa Ding iyi?" Basi, nkhani yatha, ndalama zatuluka m'thumba.

Kumapeto kwa moyo wake anagawa chuma chake chambiri. Mabuku masauzande ambiri anapita ku malaibulale, kuphatikizapo ya yunivesite ya Aurora ku Shanghai ndi ya kwawo ku Wuxi, ndipo ndalama zake zakale zinapita ku nyumba yosungira zinthu zakale ya ku Shanghai. Mnyamata wodwaladwala uja anafika zaka 78. Anamwalira mu November 1952, zaka 3 chikhazikitsireni boma la chikomyunizimu.

Zafeki zija anadzazisaka ndi munthu wa m'bungwe lake lomwe. Ma Dingxiang, amene anali mnyamata wa zaka 24 pamene bungwelo linkayamba, anatha zaka zambiri akulemba m'mbali mwa masamba a buku la Ding: iyi ndi yabodza, iyi yaikidwa pa ufumu wolakwika, iyi ndi yosowa kuposa mmene mtengo ukunenera. Ma anamwalira mu 1991, ndipo bukulo linasindikizidwanso ku Shanghai ndi zolemba zake zapamanja zili m'mbali momwemo, pafupi ndi zithunzi za inki za 1940.